Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Khoma la mwana ndi ma brownies a m'bokosi

Abale inu, ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene mwakhala mukundisaka ku inbox kuti kodi gawo lotsatira likubwera liti, ena mpaka kuopseza kuti musiya kunditsatira, ndabwera khazikani mitima pansi, mashifiti a usiku ndi mwana wamng'ono sizipatsa munthu mpata wokhala pa kompyuta. Achemwali a ku Mzuzu amene munalemba kuti munawerengera amayi anu gawo lapita lija mpaka analira, Mulungu akudalitseni, komenti yanu ndaisunga.

Tinalekezera pomwe bambo a kunyumba anafika ku Leeds kumapeto kwa 2023, ndipo pasanapite miyezi yambiri, pa 11 Malichi 2024, boma la UK linatseka khomo loti obwera kumene kudzagwira ntchito yathu yosamalira okalamba aziitana mabanja awo. Tinasamuka mu rumu ija ndinkakhala ndi mnzanga wa ku Zimbabwe uja nkupeza kanyumba ku Harehills, timanyumba togundana misana tija todzaza mu Leeds, kuchipinda kumodzi ndi kachipinda kena kakang'ono koti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Landilodi ananeneratu tsiku losaina kuti msomali pakhoma ayi, penti ayi, ndipo dipoziti kuno imafika renti ya masabata 5, ndiye munthu sumasewera nayo.

Pasanapite nthawi ndinaima.

Sindinauze munthu kupatula bambo mpaka titapita ku sikani ya masabata 20. Titawauza apongozi pa WhatsApp anasangalala ndithu, anaimba mpaka nyimbo, kenako mawu anasintha, amvekere "mwana wanga, musagule kanthu, ngakhale kachipewa, mwana sakonzeredwa malo ali m'mimba, mwaiwala kodi zija?" Ine ndinangoti chabwino amayi ndamva. Ndipo ndikufuna mumvetse kuti apongozi anga si munthu woipa, ena mu gawo 9 munawatukwana mu makomenti ndipo sindinakondwe nazo. Iwo anataya ana awiri ali mtsikana, mantha awo ndi a munthu woti anaziona.

Zija ankanenazo ndi za 2017. Ndinazitchulako pang'ono mu gawo 3 koma ndinadumpha zambiri chifukwa nthawi imeneyo manja ankanjenjemera ndikayamba kulemba. Pathupi panafika miyezi isanu ndi itatu bwinobwino. Kusikelo anatiuza zonyamula pokachira, zitenje, beseni, lezala latsopano, ulusi, ndi pepala lakuda la pulasitiki lija, amene munachirirapo kumudzi mukuzidziwa. Amayi anga anagulitsa mtedza wawo nkundigulira nsalu ya mamita 4, ya buluu yokhala ndi timbalame tachikasu, tinaidula pakati kukhala zitenje ziwiri, china chofunditsa mwana akangobadwa china choberekera. Kenako mwana anasiya kusuntha. Ine ndinkangoti wagona, ndinamwa madzi ozizira, ndinagonera kumanzere, ndinamugogoda ndi chala ndikumuyankhula, zii. Kuchipatala nesi anayendetsa kachipangizo komvera mtima kaja pamimba uku ndi uku, nkukaitana mnzake, mnzakeyo nkukaitana adokotala, ndipo palibe amene ankandiyang'ana kumaso. Ndinabereka ngati mmene amaberekera wina aliyense, ululu womwewo, kukankha komweko, kusiyana kwake kunali koti kumapeto m'chipindamo simunamveke kulira kwa mwana. Anali wamkazi. Ndinamuona kamphindi kochepa chabe, tsitsi lambiri ngati la bambo ake, amayi anamukulunga mu chitenje cha timbalame chija nkutuluka naye.

Anakamuika azimayi okhaokha, mmawa dzuwa lisanatuluke, ine sindinapite ndipo mpaka lero malo ake enieni sindiwadziwa. Azimayi akuluakulu anabwera kudzandilangiza kuti nthayo salira, ukalira sudzaonanso mwana, ndiye ndinkameza misozi masana onse anthu akubwera kudzandiona ngati ndadwala malungo chabe. Patapita masiku mkaka unabwera. Abale, palibe anandiuza kuti mkaka umabwerabe ngakhale mwana palibe. Anandimanga pachifuwa ndi nsalu mothina, malaya kumanyowa, ine kumalira usiku nditaluma bulangete kuti amayi asamve kuchipinda kwawo. Mwana analibe dzina, analibe maliro, ndipo patatha mwezi anthu anali atayamba kale kundiuza kuti ndidakali mwana ndidzabereka ena.

Chitenje chinacho ndinachipinda nkuchiika pansi pa sutikesi. Ntchito ya ku Lilongwe, mayeso a Chingerezi a IELTS, ndege, zaka ziwiri za ukwati wa pa foni, zonsezo mukuzidziwa, chitenjecho chinali momwemo.

Ndiye tsiku lina ndaweruka, miyezi isanu ndi iwiri, miyendo yotupa, ndinaima pakhomo pa kachipinda kaja nkuona makoma ake oyera mbee opanda kanthu, mumtima ndinati ayi. Woyamba uja ndinamubisa, ndinatsatira malamulo onse, ndipo anapitabe. Uyu akhale ndi malo ake poyera, kaya zikhala bwanji. Amene mukuti ndinanyoza mwambo nenani, koma sindinagule bedi kapena zovala mpaka mwezi womaliza monga apongozi ananenera, ine changa chinali khoma basi.

Ndalama zogulira zithunzi za m'mashopu zija za tinjovu ndi tinyenyezi ndinalibe, komanso sindinkazifuna. Ndinazungulira ma charity shop, omwe ndi kaunjika wa kuno tingoti, nkutola mafulemu akale a 50p ena a £1, osafanana kukula. Magalasi ndinachotsa onse chifukwa azamba anandichenjeza kuti pafupi ndi pogona mwana pasapachikidwe chinthu cholemera kapena chosweka. Ndinadula makatoni molingana ndi fulemu iliyonse, nsalu ndinaisita kaye bwinobwino, kenako kuikoka pa katoni kuti ithine nkumata kumbuyo ndi guluu woyera uja wa ana asukulu, ngodya kupinda ngati ukukutira kope. Pa msika wa Kirkgate ndinagula tinsalu tokhuthala ta felt tosayoyoka ukadula, ndinadulapo chambo, mtengo wa mlambe, ndi phiri la Mulanje lomwe aliyense wobwera amati ndi chipewa. Mapu a Malawi ndinawajambula poika pepala pa sikirini ya tabuleti nditawonjezera kuwala nkumatsatira ndi pensulo, nyanja ndinaika ya buluu wa chitenje chija. Bambo atawaona anati akuoneka ngati chinangwa chokumba mwana, ndinawakwiyira tsiku lonse. Popachika ndinagwiritsa ntchito timapepala tomata ta Command, umapukuta khoma, kukanikiza masekondi 30, nkudikira ola lathunthu usanakoleke fulemu, ndipo pochotsa sitisiya chipsera, landilodi sanganene kanthu.

Fulemu yaikulu ya pakati sindinamatepo chilichonse, ndi chitenje chokhachokha ndi timbalame take. Sizasi ndinaigwira nthawi yaitali ndisanadule, nsalu inali ikumvekabe kafungo ka sopo wa kumudzi. Bambo anabwera kuchokera ku ntchito ya ku warehouse, anaima pakhomo, anayang'ana, nkuti "mayi, nsalu iyi si ija?" Ndinati ndi yomweyo. Anakhala pansi pa kapeti ndi jekete lawo la ntchito osavula nkuyamba kulira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa, ndipo mpamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi palibe anawafunsapo iwo kuti muli bwanji. Mwamuna sanaloledwe kumanda, sanamuone nkomwe mwanayo, anangouzidwa panja pa wodi kuti zalephereka nkutumidwa kukasaka galimoto. Usiku umenewo tinakamba za iye koyamba ngati munthu, ndinawauza za tsitsi lija.

Azamba atamva za kachipindaka anaseka, akuti kongoletsani koma mwana azigona m'chipinda chanu miyezi 6 yoyambirira, ndi momwe amalangizira kuno. Ndiye khoma lonselo poyamba linkangosangalatsa ife ndi zovala zoyanika.

Tsopano nkhani ya ma brownies, timakeke ta chokoleti, yomwe ena mwa inu a ku Leeds munaimva kale mopotoka. Azimayi a kutchalitchi, a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, anandikonzera baby shower kunyumba kwathu konko, aliyense kubwera ndi mbale yake, mpunga, nkhuku, mandasi, masamosa. Ine ndinafuna kuikapo kanga koma mphamvu zoima nkumapima ufa ndinalibe, ndinangogula mabokosi awiri a ufa wosakaniziratu wa Betty Crocker ku shopu ya Asda nkuwakonza mwanjira yanga. Anatha onse mbale ya nkhuku isanafike theka. Anti ena ake, sinditchula dzina koma ndikudziwa mumawerenga chifukwa mumatumiza ma screenshot ku gulu, anadya zidutswa zingapo akuyamikira kuti manja anga ndi odala, kenako popita kukataya mbale za mapepala anaona bokosi mu bini nkubwera nalo pabalaza ataligwira m'mwamba, ati taonani azimayi a masiku ano, keke ya m'bokosi ngati mzungu. Anthu anaseka mwaulemu, ine ndinaseka nawo, zimenezo zokha sindikanazilemba nkomwe. Chomwe chinandipweteka nchoti anti omwewo analowa mu kachipinda ka mwana, anajambula khoma, nkutumiza kumudzi kwa abale a bambo ndi uthenga woti mkazi wa mwana wanu wapachika nsalu ya maliro pogona mwana. Nkhani ya nsaluyo ndinawauza ine mwini pa pemphero la azimayi, ndikulira, nditawakhulupirira. Apongozi anatha sabata osadya bwino ndi nkhawa, bambo anachita kuwaimbira usiku uliwonse kuwafotokozera kuti chitenjecho ndi choberekera, sichinafike kumanda. Anti, ndinakukhululukirani, moni ndimakupatsani pa tchalitchi, koma pakhomo panga munalekera pomwepo.

Amene munafunsa kakonzedwe kake, nayi. Bokosi limati uthire dzira, mafuta ophikira ndi madzi. Ine m'malo mwa mafuta ndimasungunula batala muyezo womwewo, m'malo mwa madzi khofi wozizira, samveka kukoma kwa khofi koma amadzutsa chokoleti, ndipo ndimawonjezera yolk ya dzira lina ndi kamchere kotsina ndi zala. Kenako mtedza wokazinga wopukusa makoko, wosinja pang'ono osafika pa nsinjiro, wanga unali Chalimbana wa njere zikuluzikulu amene amayi ananditumizira kudzera kwa munthu wobwera kuno. Pamwamba ndimadontheza chiponde nkuchikoka ndi mpeni kuti chipange mizere. Uvuni pa 180°C, ndipo tulutsani msanga, mukabaya pakati kamtengo kazituluka ndi tinyenyeswa tonyowa, kakatuluka kouma ndiye kuti mwapsereza kale. Zisiyeni zizizire mpaka mu fuliji musanadule, mpeni muziuviika m'madzi otentha. Ndipo amene muli kuno lembani kapepala koti muli mtedza, ana ambiri kuno amadwala nawo koopsa, si nkhani yoseka.

Gawo likubwerali ndi la tsiku lochira, momwe bambo anasocherera ndi thumba la mwana mu chipatala, ndi dzina lomwe apongozi anatumiza pa voice note ya mphindi zisanu ndi ziwiri. Musandithamangitse, ndilemba ndikapeza ofu.