Tsiku limene ndinaika muphwa wanga pa msika

Popeza nkhaniyi yazungulira kale m'magulu onse a WhatsApp pano pa Kasungu, ndipo dzulo mnyamata wa kabaza amene sindimudziwa n'komwe anandifunsa ngati ndidakali ndi wachibale wina wotsika mtengo, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga zina. Ndi zoona kuti ndinakuwa pakati pa mlandu wa banja kuti mwana wa mlongo wanga agulitsidwe. Zimene zili zabodza ndi zakuti ndinali nditalawa, komanso zakuti ndinatchula mtengo. Mtengo sindinatchule ayi, ndinanena kuti apite ngakhale ulere.

Amene akuti munthu wa zaka 47, wa imvi m'ndevu, wayamba zachibwana ukulu uno, akulakwitsa pa mfundo imodzi: sindinayambe lero. Ndinayamba kusewera gemu ya mpira m'chaka cha 2002 pa kompyuta ya ku ntchito kwina kumene sindikutchula, nthawi imeneyo gemuyi ikutchedwa Championship Manager, pamene pa galasi sipankaoneka wosewera ngakhale mmodzi koma mawu okhaokha amene ankaphethira timu ikamwetsa chigoli. Anaiyambitsa ndi anyamata awiri apachibale a ku England, Paul ndi Oliver Collyer, m'chaka cha 1992, ndipo kuyambira 2004 anthu ake omwewo akhala akuitulutsa ndi dzina lakuti Football Manager. Mu gemu imeneyi munthu samenya mpira. Iwe ndiwe mphunzitsi wa timu, ndipo ntchito yako ndi kugula osewera, kukambirana nawo za malipiro, kusankha amene alowe m'bwalo, kenako kukhala pansi n'kumaonerera timadontho tikuthamangathamanga kuwononga zonse zimene unakonza. Vuto linakula kumapeto kwa 2023 pamene mwana wanga wamkulu anandiikira ya pa foni, imene imatsegulidwa ndi akaunti yake ya Netflix, chifukwa kuyambira pamenepo chinthu chimene chinkakhala pa tebulo chinayamba kuyenda nane m'thumba.

Ligi ya kwathu kuno mulibemo, choncho Bullets, Wanderers ndi Silver sindikanazipeza. Ndinatenga Grimsby Town, timu ya m'tauni imene sindingailoze pa mapu, ndipo nditavutika nayo zaka 8 za mu gemu ndinaifikitsa mu ndime yomaliza ya chikho cha FA pa bwalo la Wembley, kukakumana ndi Arsenal, m'chaka cha 2031 chimene kwa inu nonse sichinafike. Usiku wa Lachisanu, nditasankha kale osewera anga 11, magetsi anathima ndipo foni inatsatira. Ndinagona monga munthu amene wasiya mphika pamoto.

Loweruka lake linali tsiku la mlandu, kumudzi wina kupitirira Santhe kumene muphwa wangayo ali pa chikamwini. Iye anagulitsa mabelo 6 a fodya ku okushoni ya Chinkhoma, ndalama zitangolowa anasowa masiku 9, ndipo anabwerera ndi wailesi yaikulu ngati bokosi la maliro ndi nsapato zoyera, wopanda ngakhale thumba limodzi la feteleza. Ine monga atsibweni ake komanso nkhoswe yake ndinayenera kukagwada m'malo mwake. Foni ndinaitchaja mu minibasi, mwaulemu, nditapempha dalaivala.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pa mipando, amayi pa mphasa. Ankhoswe a kuchikazi ndi bambo wachikulire amene sakhulupirira kuti nkhani ingayambire pakati. Anaombera m'manja, nayamba ndi tsiku limene tinabwera kudzafunsira mbeta, nafotokoza nkhuku imene inaphedwa pa chinkhoswe, mtundu wa nthenga zake, ndi mwini wake amene anatisiya chaka chatha. Patatha mphindi 40 tinali tisanafike n'komwe pa nazale ya fodyayo. Chipewa changa ndinali nditavula mwaulemu n'kuchiika pa miyendo, ndipo foni inali m'chipewamo. Ndikulumbira kuti cholinga changa chinali kungoona ngati goloboyi wanga wachira. Nditaona kuti wachira, chala chinapita chokha.

Apa ndiyenera kudziyamikira pang'ono. Kwa theka la ola ndinachita ntchito ziwiri popanda wozindikira. Mutu unali chozyolika m'chipewa, ndipo anthu ankanong'onezana kuti ankhoswe a kuchimuna agwidwa ndi manyazi aakulu chifukwa cha zochita za mwana wawo. Arsenal itamwetsa chigoli choyamba ndinabuula mozama kuti "Mayo ine," ndipo zinangochitika kuti nthawi yomweyo mpongozi wathu ankafotokoza m'mene anagonera ndi njala iye ndi mwana, mwakuti amayi ake anandiyang'ana ndi maso achifundo. Titabweza chigolicho ndinagwedeza mutu mwamphamvu n'kunena kuti "Eya, ndi zimenezo," pamene ankhoswe anzanga ankanena kuti banja ndi kupirira. Ndinayamba kudziona ngati munthu wa mphatso yapadera. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinali m'mapanga onse awiri ndili wouma.

Mphindi ya 88, zigoli zili 1-1, woyimbira anatipatsa penate. Woimenya anali mnyamata wanga wa zaka 19, mmodzi wa osewera amene gemu imadzipangira yokha akale akapuma, amene ndinamugula ndi ndalama zonse za timu ndipo ndinkamulipira pa sabata ndalama zimene pa kwacha zingagule mabelo onse a ku Chinkhoma pamodzi ndi sikelo yake. Gemuyi ili ndi batani loimitsira masewero, ndipo anzanga akhala akundikumbutsa zimenezi tsiku lililonse, ngati kuti munthu amene wadikira chikho zaka 8 angaganize za mabatani. Kadontho kanga kanabwerera m'mbuyo, kanathamanga, ndipo mpira unapita kumwamba, kumene mwina unakagwera ku Chamama. Ndinamva ngati mawu akutali akunena kuti, "Nanga inu ankhoswe a kuchimuna, mwana wanuyu mukuti timutani?" koma mawuwo anafika m'makutu mokha, m'mutu sanalowe.

Ndinaimirira. Ndinaloza m'chipewa, koma popeza muphwa wanga anakhala pansi patsogolo panga penipeni, chalacho chinathera pa mphuno pake.

"Chitsiru ichi n'chogulitsa basi! Sabata ndi sabata ndimakulipira ndalama zankhaninkhani, ntchito yako kudya ndi kugona! Amene akumufuna amutenge lero lomwe, ngakhale ulere!"

Bata limene linagwa pamenepo sindinalionepo ngakhale pa maliro a mfumu. Mayi amene ankatunga thobwa anauma chikho chili m'mwamba, thobwa likudontha pang'onopang'ono kubwerera mu ndowa, ndipo dontho lililonse linkamveka ngati munthu akugogoda pa chitseko. Nkhuku imene inkapalasa pafupi ndi nkhokwe inaima ndi mwendo umodzi n'kutembenuza khosi kuti indione ndi diso lake labwino. Mwana amene ankayamwa anasiya bere yekha popanda womuletsa. Ankhoswe a kuchikazi anali atatsegula pakamwa kuti apitirize, ndipo pakamwapo panakhala chotsegula nthawi yokwanira kuti ndiwerenge mano awo, amene ndi 7. Muphwa wanga ankayang'ana chala changa ndi maso onse awiri mpaka maso anapingasa. Ine ndinali chiimire, dzanja limodzi likuloza, lina litakumbatira chipewa pachifuwa monga munthu woimba nyimbo ya fuko, ndipo chimene ndikuchita nacho manyazi koposa n'chakuti ngakhale pa nthawi imeneyo mbali ina ya mtima wanga inkafunsa ngati woyimbira awonjezere mphindi zingati.

Woyamba kuyankhula anali bambo ake a mkaziyo. Anaombera m'manja katatu, nati, "Zikomo ankhoswe. Takhala pa milandu yambiri, koma nkhoswe yonena chilungamo chotere pa mwana wake sitinaionepo." Akazi awo analuluta. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti ndapulumuka, ndipo ndinayamba kukhala pansi mwaulemerero ngati munthu amene anakonzekera mawuwo kuchokera kunyumba.

Koma muphwa wanga, amene tsiku lonse anali asanatsegule pakamwa, anasankha nthawi imeneyo kuti alankhule. "Atsibweni, pepani, ndalama zimene mumandilipira sabata ndi sabatazo ndi ziti?"

Mkazi wake anadzuka pa mphasa n'kumanga chitenje mwamphamvu. "Eya, afunseni bwino! Ndalama za fodya anadya, tsopano tikumva kuti palinso zina za pa sabata zimene ine sindinazionepo. Zimapita kwa ndani? Ankhoswe, musamubisire, tiuzeni dzina la mkaziyo."

Mlandu wa mabelo 6 unaiwalika pomwepo, ndipo unatseguka watsopano wa malipiro a pa sabata ndi mkazi wachinsinsi wa pa boma. Timati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma tsiku limenelo zodya wamkulu ndi zimene zinkapota mwana, ndipo mwanayo ankalumbira potchula manda a agogo ake kuti sanalandirepo ngakhale 1 tambala kwa ine, zimene zinali zoona kwathunthu. Ndinayesa kunena kuti ndimalankhula mwa fanizo, kuti malipiro amene ndimanena ndi malangizo amene ndimam'patsa. Ankhoswe a kuchikazi anafunsa modekha kuti malangizo ankhaninkhani amakhala otani. Pofuna kufotokoza ndi manja onse awiri ndinaiwala chimene dzanja lamanzere linanyamula, chipewa chinapendekeka, ndipo foni inagwa pa dothi galasi likuyang'ana kumwamba.

Anaitola ndi kamnyamata ka sitandade 5, kamene Chingerezi chake chinakwana ndendende pa ntchito imene Satana anakakonzera. Kanayang'ana pa galasi, kanayang'ana ine, kenako kanalengeza kwa mudzi wonse kuti, "Agogo amasewera gemu ya mpira m'chipewa. Aluza 2-1."

Umu ndi m'mene ndinadziwira zotsatira za ndime yomaliza ya chikho cha FA. Arsenal inamwetsa chachiwiri nthawi imene ine ndinkafotokoza za fanizo.

Za kuseka sindinena zambiri, chifukwa ena mwa inu munamva kuchokera pa msewu wa M1. Anandigamula tambala mmodzi chifukwa chonyoza bwalo, ndipo ine amene ndinapita kukapepesera munthu ndinapezeka ndikugwada pambali pake, iye akundinong'oneza kuti ndilimbe mtima. Banjalo linagwirizana msanga kuposa m'mene aliyense ankayembekezera, popeza mkazi ndi mwamuna anapeza chinthu chimodzi choti azisekera limodzi, ngakhale palibe amene wandithokoza pa zimenezi. Chikho chokha chimene ndinanyamula tsiku limenelo chinali cha thobwa, ndipo anandipatsa lotsalira pansi.

Kunyumba nkhani inali itandipitirira kale. Mayi a kunyumba anandilandira pa khonde osanena kanthu, zimene ndi zoopsa kuposa kukalipa, choncho ndinayamba ndekha kudziteteza. Ndinawakumbutsa kuti pa msika pali madoda a zaka 70 amene amakhala pa bawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, akusuntha timiyala m'maenje, ndipo palibe amene amawauza kuti akula. Ndinati ntchito ya uphunzitsi wa timu ndi ya anthu okhwima maganizo: Alex Ferguson anapuma ku Manchester United mu 2013 ali ndi zaka 71, ndipo Kinnah Phiri anali atapitirira zaka 50 pamene anatengera Flames ku Angola mu 2010 n'kukathira Algeria 3-0. Ndinawonjeza kuti gemuyi si yachibwana, chifukwa mu 2008 timu ya Everton inachita mgwirizano ndi eni ake kuti izigwiritsa ntchito nkhokwe yawo ya mbiri za osewera pofufuza oti iwagule. Ndinamaliza ndi mfundo imene ndimainyadira, yakuti amuna anzanga amataya ndalama ku mowa ndi kubetcha pamene ine madzulo onse ndimakhala pakhomo.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo, thupi lanu ndi limene limakhala pakhomo. Ndipo a Kinnah Phiri mukuwatchulawo, mwezi ukatha ankabwera ndi malipiro kunyumba. Inu mwabwera ndi ngongole ya tambala."

Tambalayo ndinagula Lachiwiri, ndipo ndinamutumiza pa minibasi chifukwa nkhope yanga sinakonzeke kukaonekanso ku Santhe. Ku mpingo andipempha kuti ndikamawerenga mawu chipewa ndizisiya pa khomo. Muphwa wanga tsopano akandiimbira foni amayamba ndi kufunsa ngati malipiro a sabata ino atuluka.

Mnyamata wophonya penate uja ndinamuikadi pa msika usiku womwewo, mayi atagona, nditafunda bulangete kumutu kuti kuwala kusaoneke. Mpaka lero palibe timu imene yamufuna. Dzulo wanditumizira uthenga wakuti sakukondwa ndi m'mene ndikumuchitira ndipo akufuna kuti tikambirane zomuwonjezera malipiro, koma sindinamuyankhe chifukwa batire linali pa 4 peresenti.