Dokotala wa timu amamvera ndani?

Mu 2024, François-Xavier Fumu Tamuzo, wosewera mpira wa ku France yemwe anali ku timu ya Laval, anapachika nsapato ali ndi zaka 29 zokha. Kenako anakasumira kampani za Pfizer ndi BioNTech pamodzi ndi bungwe loyendetsa mpira m'dzikolo. Dandaulo lake linali lakuti thupi linayamba kumukana atabayitsa katemera wa Covid-19 mu 2021. Bondo linayamba kuvuta, mtsempha wa kuchidendene unadzaduka, ndipo sanabwererenso mwakale. Anapempha khoti la ku Paris kuti lisankhe madokotala oti afufuze ngati katemerayo ndiye anayambitsa zonsezi.

Ine ndine namwino, ndipo Loweruka ndimakhala pa benchi ya katimu ka kwathu kuno ndi chikwama cha mabandeji. Ndiye nkhani ngati iyi ikangolowa pa gulu la anyamata la WhatsApp, mafunso onse amagwera ine. "Anesi, mwaiona iyi? Si zija tinkanena zija?"

Sindidzauza munthu kuti katemera savulaza. Lingakhale bodza. Katemera wa Pfizer ndi wa Moderna anapezeka kuti nthawi zina amatupitsa mnofu wa mtima, makamaka mwa anyamata, kawirikawiri akalandira jakisoni wachiwiri. Ambiri amachira, koma ndi anthu a msinkhu womwewu wa osewera mpira. Wa AstraZeneca, womwe unali woyamba kufika kuno kwathu mu March 2021, unachititsa magazi kuundana mwa anthu ochepa kwambiri, ndipo ena anamwalira. Zimenezi zinalembedwa poyera, palibe akubisa.

Koma khoti silifunsa ngati katemera angavulaze munthu. Limafunsa ngati anavulaza iweyo, pa chiwalo chimene ukulozacho, ndiponso ngati ukanakhala bwinobwino ukanapanda kubayitsa. Apa ndi pamene mlandu wa mtsempha wa kuchidendene umaterera, chifukwa osewera mpira akhala akudula mtsempha umenewu kuyambira kalekale, Covid isanamveke n'komwe. Ngakhale nkhani ya mtima imafuna umboni. Christian Eriksen wa Denmark atagwa mtima utaima ku Copenhagen mu June 2021 pa masewero a Denmark ndi Finland, anthu anathamangira kuloza katemera, mpaka mkulu wa Inter Milan, Giuseppe Marotta, anachita kunena poyera kuti mnyamatayo anali asanabayitse. Ndipo Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon tinamulira mu 2003 atagwa pa bwalo ku Lyon. Vuto lake linali la mnofu wa mtima wokhuthala mopitirira.

Kuwonjezera apo, malamulo a maiko ambiri anatsekeratu njira. Ku America kuli lamulo la 2005 lotchedwa PREP Act lomwe limateteza opanga katemera pa nthawi ya mliri, ndiye wovulala amakapempha chipukuta misozi ku thumba la boma, osati kukhoti. Ku Britain boma limapereka mapaundi 120,000 kamodzi kokha, koma pokhapokha kulumalako kufike pa 60 peresenti. Wothamanga amene mtima wake sulolanso mphindi 90 koma akutha kuyenda n'kumagwira ntchito zina, sangafikepo. Maiko 92 osauka amene analandira katemera kudzera ku COVAX, ndondomeko ya dziko lonse yogawa katemera, kuphatikizapo Malawi, anali ndi thumba lawolawo lopepesera ovulala popanda kuzenga mlandu. Nanga timu? Timu sinapange katemera, ndipo nthawi zambiri si iyo inabaya. Wosumira timu amangotsala ndi mfundo yakuti anamukakamiza.

Milandu imene osewera amawina ndi ya mtundu wina, ndipo imeneyi ndi imene imandisowetsa tulo. Radwan Hamed anali mnyamata wa zaka 17 ku Tottenham. Mu 2005 anamuyeza mtima ndi ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima, zotsatira n'kuonetsa kuti pali chokayikitsa. Katswiri wa mtima anaziona, dokotala wa timu anazionanso, koma palibe anakhazika pansi mnyamatayo ndi makolo ake kuwauza za ngoziyo. Mu August 2006, atangosaina kumene kontirakiti, anagwa patangopita mphindi zochepa pa masewero ake oyamba ku Belgium. Mtima unaima, ubongo unawonongeka, ndipo moyo wake wonse ndi wochita kusamalidwa. Mlandu suola: mu 2015 khoti lalikulu ku London linagamula kuti timu inali yolakwa pa 70 peresenti, katswiri wa mtima pa 30, ndipo chipukuta misozi chinali cha mapaundi pafupifupi 7 miliyoni. Woweruza sanachite kulota kuti chinavulaza mwanayo n'chiyani. Pepala linalipo, lili ndi tsiku lake, ndi maina a amene analiwerenga.

N'chimodzimodzi Abdelhak Nouri wa Ajax, yemwe anagwa mu July 2017 ku Austria pa masewero opimana mphamvu ndi Werder Bremen ali ndi zaka 20. Poyamba timu inkati achipatala anachita zonse bwino. Mu 2018 inadzavomera kuti chithandizo cha pa bwalo chinali choperewera, ndipo mu 2022 inapereka mayuro 7.85 miliyoni kubanja lake. Ku America, Chris Maragos wa timu ya mpira wa chiAmerica ya Philadelphia Eagles anawina madola 43.5 miliyoni mu 2023 pa momwe madokotala anasamalirira bondo lake.

Funso limene lili pansi pa milandu yonseyi ndi limodzi. Dokotala wa timu wodwala wake ndi wosewera, koma malipiro ake amachokera kwa anthu amene akufuna wosewerayo alowe m'bwalo Loweruka. Okonda Chelsea akukumbukira August 2015, pa masewero ndi Swansea, pamene dokotala wa timuyo, mayi Eva Carneiro, anathamangira m'bwalo kukaona Eden Hazard oyimbira atamukodola. Kochi José Mourinho anakalipa chifukwa timu inali kale ndi osewera 10, ndiye Hazard akatuluka atsala 9. Mayiyo anachotsedwa pa benchi, anasiya ntchito, anasumira timu, ndipo nkhani inatha mu 2016 timu itamupepesa poyera. Ngati dokotala wa Chelsea angakalipiridwe chifukwa chogwira ntchito yake dziko lonse likuonera, ganizirani za ine ndi chikwama changa pa bwalo la fumbi.

Mawu amene ndimawamva kawirikawiri pa hafu taimu ndi akuti, "Anesi, ingomubayani kaye, tikaona mawa." Akunena diclofenac, mankhwala oziziritsa ululu. Mwana akakolo watupa ngati chitumbuwa, iye mwini akundichonderera chifukwa wamva kuti kwabwera anthu a timu yaikulu kudzaona osewera. Ndikakana ndimakhala mdani wa onse, kuyambira kochi mpaka ochemerera. Ululu ndiwo umauza munthu kuti aime. Ukauziziritsa, amathamanga pa chiwalo chovulala, ndipo chimene chikanapola pa masabata ochepa chimakhala cha moyo wonse. Palibe amalemba kuti wabayidwa chiyani, liti, ndi ndani. Mnyamata wotereyu atafuna kusuma tsiku lina, loya angayambire pati? Ambiri alibe ndi kontirakiti yomwe.

N'chifukwa chake ndimadabwa kuona anyamata omwewa akukangana usiku wonse za jakisoni amene anabayitsa mu 2021, pomwe wa Loweruka lapitali sakumufunsa n'komwe dzina lake.

Abale athu a ku Zambia anaona mbali ina ya nkhaniyi. Enock Mwepu, kaputeni wa Chipolopolo, anadwala mu September 2022 ali pa ulendo ndi timu ya dziko lake. Atabwerera ku timu yake ya Brighton ku England anamuyeza mofatsa n'kupeza vuto la mtima la kumtundu, ndipo mu October analengeza kuti wasiya mpira ali ndi zaka 24. Zinawawa, timu inataya wosewera amene inamugula ndalama zambiri kuchokera ku Salzburg, koma winawake anawerenga pepala n'kumuuza zoona. Patapita miyezi yochepa anamupatsa ntchito yophunzitsa ana ku akademi ya timuyo.

Ine ndakapempha komiti yathu zinthu ziwiri ligi isanayambe: kuti mnyamata aliyense akayezedwe ECG ndipo pepala lake asunge yekha kunyumba, komanso kuti pakhale kope lolembamo mankhwala alionse operekedwa pa benchi, wolandira azisainira. Za kope avomera, poti ndagula ndekha. Za ECG, msungichuma anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Anesi, imeneyo imagoletsa?" Tikumananso Lachinayi.