Amene mukufuna ntchito ya ambulansi kuno ku Joni

Achimwene ndi achemwali, nkhani iyi ndiiyankhule poyera chifukwa ana athu ambiri akudyeredwa ndalama. Kale munthu umangopanga kakosi ka masabata ochepa ka BAA (Basic Ambulance Assistant, maphunziro oyambira a ntchito ya ambulansi) nkuyamba kukwera ambulansi, koma njira imeneyo anaitseka. Pano ukuyenera kulowa kukoleji yovomerezeka, chaka chimodzi cha satifiketi, ziwiri dipuloma, kapena zinayi digiri ngati ija ya ku University of Johannesburg ku Doornfontein, kenako ulembetse ku HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zachipatala kuno, popanda nambala yawo palibe angakulembe ntchito olo utalankhula chizungu chabwino bwanji.

Ndiye timakoleji tina ta m'tauni muno tikumatabe mapepala pamapolo kuti "paramedic miyezi itatu", chonde funsani kaye ku HPCSA musanapereke olo rand imodzi, zimandiwawa kwambiri mayi wogwira ntchito zapakhomo akamataya ndalama zomwe wasunga movutikira.

Wa MSCE apititse kaye pepala lake ku SAQA, bungwe loona kuti mapepala a sukulu akunja akufanana ndi ati a kuno, mapepala okhalira muno akhalenso bwinobwino. Laisensi ndi PrDP (chilolezo choyendetsera galimoto yonyamula anthu) amafunanso. Ndipo thupi likhale lolimba ndithu, kutsitsa wodwala pa stretcha mufulati ya ku Hillbrow lifiti itafa si masewera, pa masitepe mawondo amachita kunjenjemera.