Lachinayi ku Ulongwe, ku Mozambique: ana a otizimu ndi chimbudzi

Kunacha kozizira, koma amayi a ana a otizimu (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena) anafika ndi mapepala awo ku maphunziro athu a kaphunzitsidwe ka ana kugwiritsa ntchito chimbudzi. Kwa masiku atatu akhala akuyang'ana thewera mphindi 30 zilizonse n'kulemba "wouma" kapena "wanyowa". Ntchito imayambira pamenepo, chifukwa pepalalo ndi limene limaulula nthawi imene mwana amakodza.

M'mawa tinadutsa m'njira yosinthidwa kuchokera ku kafukufuku wa Nathan Azrin ndi Richard Foxx wa 1971, yemwe akatswiri a ABA (Applied Behavior Analysis, sayansi yophunzitsa ndi kusintha khalidwe) amatsamirabe. Thewera limachotsedwa masana, mwana n'kuvala panti kuti azimva kunyowa. Amamwa madzi kapena thobwa mowonjezera kuti mpata wokodza uchuluke. Amakhazikidwa pachimbudzi theka la ola lililonse, mphindi zitatu mpaka zisanu. Akangokodza, mphoto ifike pomwepo, pasanathe masekondi ochepa: kachidutswa ka bisiketi kapena chidole chimene sachiona nthawi ina. Mphoto yochedwa siphunzitsa bwino. Akauma masiku awiri kapena atatu, nthawi imatalikitsidwa kufika mphindi 45, kenako ola.

Mbali ina ya njira yakaleyo, yodzudzula wodzikodzera ndi kumubwereza ulendo wa kuchimbudzi kangapo, akatswiri ambiri anaisiya, ndipo anachita bwino. Mwana wokalipiridwa amangophunzira kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Akayamba kukodzera m'panti, m'tengereni kuchimbudzi mofatsa akamalizire kumeneko.

Masana agogo ena ochokera ku Domue anafunsa: "Nanga akamakana kulowa n'kulowa komwe?" Chimbudzi chokumba n'chamdima, bowo n'lalikulu, mwana amaopa kugweramo. Yambirani pa kandowa kunja, muzikasendeza pang'onopang'ono mpaka pakhomo, kenako m'kati, bowo mutalichepetsa ndi thabwa lolimba. Wosalankhula m'patseni chithunzi cha chimbudzi kuti azikupatsirani asanapite, apo ayi adzazolowera kudikira kuuzidwa.

Wodzimbidwa kapena womva ululu pokodza ayambe waonedwa kuchipatala. Wa khunyu, kapena wa vuto la impso kapena mtima, asawonjezeredwe madzi dokotala asanavomere.

Tinamaliza ndi kumene alangizi angaphunzire zambiri. Nkhani zakale za m'magazini ya kafukufuku ya Journal of Applied Behavior Analysis, ya 1971 ija ili momwemo, zimawerengedwa ulere pa tsamba la pa intaneti la PubMed Central, ndipo zambiri za ABA m'Chipwitikizi zimachokera ku Brazil. Kuyambira 2023 bungwe la BACB, la ku America lopereka satifiketi za ABA, silipereka satifiketi zatsopano kwa okhala ku Mozambique, choncho wofuna pepala la ntchitoyi afufuze ku mabungwe ena opereka satifiketi zotere, IBAO kapena QABA.