Lero ndamanga duku ndekha

Abale anga lero m'mawa ndamanga duku ndekha. Manja onse awiri m'mwamba, kuzunguliza, kumanga mfundo kumbuyo osapumira panjira. Nditamaliza ndinangokhala pabedi nkuyamba kulira mpaka mwana wanga kubwera chothamanga kuti amama mwagwanso? Sindinagwe mwanawe. Amene munandiona nthawi ija mukudziwa chomwe ndikulilira.

Patha zaka 2 chilandirireni dripu yomaliza ya kemo koma ena mumandifunsabe ku inbox ngati inali khansa. Sinali khansa. Matendawa amati dermatomyositis, chitetezo cha m'thupi mwanga momwemu chinatembenukira minofu yanga nkumaiwononga. Zinayamba ndi zikope kusintha mtundu ndi totupa pa mfundo za zala, kenako masitepe kundikanika, kudzuka pampando kundikanika, kupesa tsitsi kundikanika, pomaliza ndi kumeza komwe. Atayeza magazi CK, chizindikiro choonetsa kuti minofu ikuwonongeka, inali m'masauzande. Prednisolone, mankhwala oziziritsa chitetezo chopandukacho, payekha sanakwanitse ndiye adokotala anati tiyambe cyclophosphamide, mankhwala omwewo amapatsa odwala khansa, dripu kamodzi pamwezi kwa miyezi 6.

Ndikuthokoza madokotala ndi manesi, a fizio amene anandiphunzitsanso kuimirira ngati khanda, amayi a Mvano omwe ankabwera ndi ufa ndi nyimbo, bambo a ana omwe anagulitsa njinga yawo yamoto kuti tipeze ya mankhwala ndi thiransipoti. Mulungu akubwezereni pomwe munachotsapo.

Koma alamu anga, akazi a achimwene. Alamu inu ndiyambire pati? Si ine m'bale wanu wamagazi, munangokwatiwa kwathu basi, koma munatseka benchi yanu ya tomato kumsika nkudzagona pa simenti pansi pa bedi langa, chitenje chimodzi kuyala china kufunda. Phala munkasefa ufa kawiri kuti lisakhale ndi mibulu, kuthira nsinjiro, kundikhazika tsonga, kasupuni kamodzi kenako kudikira mukundiyang'ana pakhosi mpaka ndimeze. Mbale imodzi inkatenga ola lathunthu, phala kuzizira inu kukatenthetsanso, osadandaula olo tsiku limodzi. Tsiku la dripu manesi ankati ndimwe madzi ambiri chifukwa mankhwalawa amatha kuvulaza chikhodzodzo, ine nseru ili tho ndikukana, inu muli ndi botolo m'manja mukuti alamu kamodzi kokha, kamodzinso.

Chinthu china ndinachidziwa mochedwa, anandiuza ndi mwana wanga. Tsitsi litayamba kuthothoka munkadzuka mbandakucha nkumatola lomwe lagwera pa pilo ndisanadzuke kuti ndisalione. Kenako kundimanga duku bwinobwino nkumati mwatchena alamu. Miyezi yonse ija duku langa linkamangidwa ndi manja anu, nchifukwa chake lero ndalira.

Munadedwanso chifukwa cha ine. Adokotala atanena kuti kemo yatsitsa chitetezo ndipo chimfine chenichenichi chikhoza kundigoneka, munkaima pakhomo nkubweza aliyense wotsokomola, olo akhale wamkulu bwanji. Anakunenani kuti ndinu wamwano, mwalanda wodwala wa eni. Ndinkamva zonse ndili chigonere mkati, pakamwa polemera kuti ndikuyankhireni. Ndiye ndikuyankha lero pagulu, alamu anga sanalakwe.

Enanu amene munkadya kwathu zinthu zili bwino, foni zanu zinatha ma units chaka chonse. Ena munkati ndalodzedwa, ena kunong'ona kuti ndi matenda aja akungobisa, nkhope itatupa ndi prednisolone munatinso wanenepa uyu akungonamizira. Zinandiwawa kwambiri, mwina kuposa singano. Ndinakukhululukirani chifukwa ndinapempha Ambuye andichotsere katundu ameneyo, thupi langali silingasenze zonse.

Sikuti ndachira kotheratu ayi. Matendawa amatha kugona nkudzadzukanso, ndiye ndikumwabe methotrexate kamodzi pa sabata ndi folic acid, prednisolone akundichepetsera pang'onopang'ono poti sasiyidwa mwadzidzidzi, magazi ndimakayezetsabe. Dzuwa ndimalithawa chifukwa limadzutsa zakhungu zija. Ndowa yamadzi sindinayambe kusenza, ndipo pali masiku ena ndimadzuka miyendo ili lendelende ndimangobwerera pabedi. Minofu imabwerera mochedwa abale, chaka choyamba chonse ntchito yanga inali kukhala pampando nkuimirira, kukhala nkuimirira, alamu akuwerenga mokweza mpaka 10. Tsiku lomwe ndinakwanitsa osagwira tebulo analulutira ngati pa chinkhoswe, aneba mpaka kutuluka.

Ambuye Yesu, munandiona pomwe ndinkalephera kumeza malovu anga omwe. Mukumbukireni mayi ameneyu, geni yake idzuke, ana ake asadzasowe wowagwira dzanja.

Alamu, Loweruka ndikubwera kwanuko. Nkhuku ndagula kale. Nsima ndivundula ndekha, olo ichedwe olo ituluke ndi mibulu, inu mudzangokhala pamkeka. Chonde musadzandilande mthiko.