Galu amene ankamuopa si amene analuma

Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo wa ziweto, ndipo sabata ino ndinaiyamba ndi malita atatu a petulo m'thanki ya njinga. Atatu basi. Posainira petuloyo Lolemba m'mawa anandiuza kuti ndiziyenda mosamala chifukwa ena sakudziwika tsiku lobwera. Tsiku lomwelo ndinakaona mbuzi zotsekula m'mimba cha ku Lifuwu. Lachiwiri ndinayeza nyama m'mawa, masana nkhani ya chitopa monga zimakhalira Okutobala aliyense. 

Lachitatu cha m'ma 10 koloko foni inalira kuti galu waluma mwana cha ku Senga Bay. Nditafika ndinapeza khamu pageti la nyumba ina, anyamata atanyamula miyala ndi zibonga, onse akuloza khola la njerwa m'mene munali chigalu cha mtundu wa Boerboel, mutu ngati mtondo. "Adokotala, agalu achizunguwa magazi awo ndi oipa, tiloleni timalize." Chigalucho chinali gone pa unyolo, lilime panja, chikuwefuka ndi kutentha. Mwini wake anatulutsa khadi la katemera wa chiwewe wa chaka chino, sitampa ilipo. Tsiku limenelo sichinatuluke n'komwe m'khola. Ambiri mwa okuwawo anangomva kuti galu waluma, mutu wawo n'kuthamangira amene amamuopa kale.

Woluma anali wachikuda wa nyumba yoyandikana, wamkazi wofiirira, wowonda, amene ana ankasewera naye tsiku ndi tsiku. Anali ataswa ana asanu kuseri kwa khitchini, pansi pa mulu wa nkhuni. Mtsikana wa zaka 6 anapita kukanyamula kamodzi. Anamuluma patsaya ndi padzanja.

Ndinakhala pansi ndi agogo a mwanayo. "Agogo, galuyu anayamba liti kusintha?" Iwo, "Sanasinthepo, mwana wanga, wangolusa mwadzidzidzi." Mawu akuti mwadzidzidziwa ndawamva kokwana pantchito ino. Nditafunsitsa, zinayamba kutuluka. Chaka chatha ankadzuma ana akayandikira mbale yake. Ankamukwapula ndi chikuni mpaka anasiya. Dzulo lake mkulu wake wa mwanayo anamuona atauma thupi gwa, makutu atagona kumbuyo, akunyambita milomo, akuyang'ana cham'mbali mpaka choyera cha diso kuonekera. Anati akuchita manyazi. Poti mchira unkagwedera pang'ono, anati wakondwa. Galu amagwedeza mchira ngakhale ali ndi mantha. Ndipo ukamumenya chifukwa chodzuma, mantha ake sathawa ayi, wangomuphunzitsa kuti asamanene, azingoluma.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti amalume a mwanayo anali atamupha kale galu wolumayo ndi mpini, n'kumuponya m'chimbudzi chakale. Akanakhala wamoyo tikanamutsekera masiku 10, akakhalabe bwino tikanadziwa kuti malovu ake analibe chiwewe. Akanandisungira mutu, ndikanafunafuna ayisi n'kuutumiza ku labotale ya ku Bwemba ku Lilongwe. Zonse ziwiri zinalowa m'dzenje. Ine ndikukhulupirira kuti anali mayi woteteza ana ake, koma moyo wa mwana sitiuika pa chikhulupiriro cha ine.

Pabala anali atapakapo phulusa la ubweya wa kumchira kwa galuyo. Mwanayo tinamunyamula kupita naye pamjigo, n'kutsuka ndi sopo madzi akuyenderera kwa mphindi 15, iye akulira mpaka mawu kusasa, mayi ake akundiyang'ana ngati ndine mfiti. Bala la kumaso silidikira, kachilombo kamafika msanga ku ubongo, ndipo zizindikiro zikangoyamba palibenso mankhwala. Anakwera kabaza. Chipatala choyamba katemera analibe. Anakamupeza kwachiwiri, dzuwa litapendeka.

Galu wofiirira uja sanabayidweko katemera moyo wake wonse. Agogo anati wachikuda ndi wolimba, jakisoni ndi wa agalu ogula. Chiwewe sichisankha zimenezo. Koma kuti ndinene chilungamo, sindingawadzudzule kwambiri, chifukwa m'mudzi umenewo ifenso sitinafikemo chaka chatha. Pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira chiwewe, tinavala malaya atsopano, tinamvera malankhulidwe, tinajambulitsa. Aliyense woyankhula anabwereza kuti agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa matendawa amaleka kufala. Ndi malita atatu?

Lachinayi ndinakhalira lipoti. Pafomu pali malo olemba mtundu wa galu, mudzi ndi tsiku. Malo olemba kuti galu anadzuma chaka chonse anthu akumumenya palibe, ndinangolemba m'mphepete.

Lachisanu ndinabwererako ndi petulo wa m'thumba mwanga. Tiagalu tiwiri tinali titafa, titatu totsalato mnyamata wina akutimwetsa phala ndi chala. Ndinamuletsa, n'kuuza agogo kuti titsekeredwe, ana asatigwire mpaka ndidzationenso. Mwini Boerboel uja anandiimitsa pageti kufunsa ngati n'zoona kuti kuthira chamba kapena tsabola m'chakudya kumawonjezera ukali, akuti anthu asadzayesenso kumuzinga. Ndinamuuza kuti achotse unyolo madzulo, azimuyendetsa, amuikire madzi pamthunzi. Anaseka ngati ndikunena nthabwala. Pagolosale anthu akunenabe kuti chinaluma ndi chigalu chija, adokotala angodya ndalama.

Mwanayo tsaya latupa koma akudya. Jakisoni wachiwiri ndi mawa Loweruka, tsiku lachitatu. Amalume anati ndalama ya kabaza yavuta. Ndinawasiyira, n'kulemba masiku otsalawo ndi khala pakhoma la khitchini.