Zikomo nonse, Kambuku wachira

Dzulo usiku mphaka wathu Kambuku wagwira khoswe woyamba chichirireni, ndiye ndati lero ndithokoze poyera onse amene munatigwira dzanja. Ndikudziwa kuti ena museka, mayi wamkulu ngati ine kuthokoza chifukwa cha mphaka. Sekani ndithu. Matumba a chimanga ali m'nyumba muno mlonda wake ndi yemweyu.

Zinayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ankangodzikanda osalekeza, kenako anasiya kudya, usipa osaununkhiza n'komwe, kumangobindikira pansi pa bedi. Ine nditaona utitiri m'khosi mwake ndinathamangira botolo lomwe timathira galu. Mayi a kuseri kwathu, inu ndinu oyamba kuwathokoza. Munandilanda botolo lija m'manja, ine n'kukwiya. Dokotala wa ziweto anadzatiuza kuti munali permethrin, mankhwala omwe galu amapirira koma chiwindi cha mphaka chimalephera kuwachotsa m'thupi. Mphaka amanjenjemera, kukomoka, mwinanso kufa. Ngakhale Panado amene ndinkaganiza zomuphwanyira m'mkaka, akuti ndi poizoni kwa mphaka.

Achimwene a kabaza, tsiku lopita kwa dokotala lija anzanu awiri anakana atamva kulira m'katoni. Inu munangoti, "Kwerani mayi." Mulungu akudalitseni.

Adokotala, zikomo chifukwa simunatithamangitse ndi mafunso athu. Munatsegula kukamwa kwake n'kundionetsa nkhama zoyera mbuu, chizindikiro choti magazi achepa. Munati utitiri umayamwa magazi, komanso mumakayikira kachilombo kotchedwa Mycoplasma kamene kamawononga magaziwo. Timbewu tonga mpunga tomwe ndinkatipeza pomwe amagona, ine kumayesa ana amwaza chakudya, tinali tizidutswa ta njoka zam'mimba. Mphaka amazitenga akameza utitiri podzinyambita. Ndinachita manyazi, nanga si ndinali nditakalipira ana kangapo.

Tinapatsidwa praziquantel wa njokazo, mankhwala a utitiri odonthezera pakhosi kumbuyo kamodzi pamwezi, ndi doxycycline wa kachilombo kaja wa masabata 4. Apa ulemu upite kwa mwana wanga wachisamba. Kumwetsa mphaka mapiritsi si masewera. Ankamukulunga m'chitenje, kumuponyera piritsi, kenako madzi pang'ono ndi sirinji monga anatiuzira, kuti piritsi lisakakamire pammero. Mikono yako ili ndi zipsera mwana wanga, ndipo unkatsuka ndi sopo nthawi yomweyo chifukwa zikhadabo za mphaka wa utitiri zimapatsanso munthu matenda otupitsa mwanabele. Sunadandaule.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti utitiri womwe timauona pa mphaka ndi wochepa. Wambiri umakhala mazira ndi timphutsi m'masaka, m'mikeka ndi m'ming'alu ya pansi, poti waukazi umodzi umatha kuikira mazira mpaka 50 patsiku. Tinachapa zofunda zonse ndi madzi otentha, masaka akale tinawotcha, kusesa ndiye m'mawa ndi madzulo. Galu nayenso analandira mankhwala akeake, ndipo tinauzidwa kuti tisadumphitse kwa miyezi 3. Alamu anga, ndalama munatibwereka ija ndibweza mwezi uno ukatha, sindinaiwale.

Bambo a kunyumba, amene munkati tingotaya mphakayu tikapemphe wina, ndakuonani m'mawa uno mukumupatsa mutu wa chambo mobisa.